Kasankhidwe ndi kasungidwe ka makhadi a osewera mpira oti mudzapatse mwana akadzakula

Mwana akabadwa m'banja, malume kapena agogo amamupatsa kanthu koti akule nako pamodzi, kaya ndi mbuzi yaikazi, msoti wa nkhuku, kapena mtengo wa mango wodzalidwa kuseri kwa nyumba. Mwana wa mchemwali wanga atabadwa kuno ku Salima mu Januwale 2022, mbuzi ndinapereka monga mwa mwambo, koma ndinawonjezerapo chinthu china chimene abale ena anandiseka nacho: ndinayamba kumusonkhanitsira makhadi a osewera mpira, timapepala tolimba tokhala ndi chithunzi ndi dzina la wosewera, kuti ndidzamupatse akadzakwanitsa zaka 15. Pa zaka zapitazi ndapusitsidwapo ndi wogulitsa, ndipo makhadi ena anandichitira nkhungu m'sutikesi, kotero malangizo otsatirawa ndi ochokera pa zimene zandionekera ine mwini.

Musanagule khadi ngakhale limodzi, yambani mwadzifunsa chimene mukufuna kuti mwanayo adzalandire. Anthu ambiri amakopeka ndi nkhani za mitengo yoopsa. Mu Ogasiti 2022 khadi la Mickey Mantle, wosewera baseball wa ku America, limene kampani ya Topps inasindikiza mu 1952, linagulidwa pa mtengo wa madola 12.6 miliyoni, ndipo chaka chomwecho khadi la Pelé la mu 1958 linagulidwa madola 1.33 miliyoni. Makhadi amenewa anakwera chonchi chifukwa chakuti ana a nthawi imeneyo ankawaseweretsa ndi kuwataya, kotero otsala osawonongeka ndi owerengeka. Masiku ano aliyense wogula amasunga, ndipo chinthu chimene chili m'nyumba ya aliyense sichikwera mtengo. Anthu a ku America anazionera okha zimenezi pa makhadi a pakati pa 1987 ndi 1994, pamene makampani anasindikiza mosadziletsa, makolo nadzaza makatoni poganiza kuti adzalipirira ana sukulu, koma lero ambiri mwa makhadi amenewo alibe wowafunsa. Mitengo inakweranso mu 2020 ndi 2021, nthawi ya Covid-19, kenaka ya makhadi ambiri inatsika. Pa chifukwa chimenechi ndalama ya fizi, ya feteleza kapena ya kuchipatala isalowe m'ntchitoyi. Dziikireni malire kuyambira pachiyambi. Ine ndinadziikira makhadi osapitirira 5 pa chaka, ndipo pofika tsiku lopereka mphatso adzakhala 75 kapena kucheperapo, omwe akukwana bwino m'kontena imodzi yaing'ono.

Chimene khadi limachita, chomwe mbuzi singathe, ndi kusunga nthawi. Limasunga nkhope ya wosewera, jezi imene anavala ndi chaka chimene anasewera, ndipo mwana akadzaligwira adzafunsa kuti munthuyu anali yani ndipo anachita zotani. Ngati lina mwa makhadiwo lidzapezeke kuti lakwera mtengo, umenewo udzakhala mwayi chabe.

Chachiwiri ndi kudziwa kusiyanitsa mitundu itatu ya zinthu zimene ogulitsa amazitchula ndi dzina limodzi. Pali masitika, timapepala topyapyala tokhala ndi guluu kumbuyo, tomata m'buku lake. Kampani yodziwika nawo ndi Panini ya mumzinda wa Modena ku Italy, imene inayamba ntchitoyi mu 1961 ndipo yakhala ikutulutsa buku la Chikho cha Dziko Lonse kuyambira pa mpikisano wa ku Mexico mu 1970. Pali makhadi oseweretsa, monga Match Attax a Topps ndi Adrenalyn XL a Panini, okhala ndi manambala oonetsa mphamvu za wosewera pofuna chigoli ndi poteteza golo kuti ana azipikisana nawo. Amenewa amasindikizidwa ochuluka zedi ndipo ndi otsika mtengo. Ndiyeno pali makhadi opangidwira anthu osunga, monga Prizm a Panini ndi Chrome a Topps, amene ndi okhuthala, onyezimira, ndipo kukula kwake ndi masentimita 6.4 m'lifupi ndi 8.9 m'litali. Pa mphatso yoti ikhale zaka zambiri, mtundu wachitatuwu ndiwo uyenera kukhala msana wa zonse, masitika a Chikho cha Dziko Lonse n'kukhala owonjezera. Onetsetsaninso kuti khadi ndi lachilolezo. Kampani imene ilibe mgwirizano ndi ligi kapena timu imafufuta baji pa jezi ya wosewera, ndipo khadi lotero osunga salikonda.

Gawo limene ndikuona kuti ndi lofunika kuposa onse ndi kusankha ulusi womangira makhadi anu pamodzi, chifukwa wogula chilichonse chimene chamunyezimira amathera ndi mulu wa nkhope zopanda nkhani. Ulusi wosavuta ndi chaka chobadwa cha mwana. Kwa ine zinayenda bwino, popeza mwanayo anabadwa mwezi womwewo umene Flames inkasewera mpikisano wa matimu a mu Africa ku Cameroon. Pa 25 Januwale 2022, mumzinda wa Yaoundé, Gabadinho Mhango anamenya mpira kuchokera kutali kwambiri n'kugoletsa Morocco masewera atangoyamba kumene, ndipo ngakhale tinagonja 2–1, palibe amene anaonera usiku umenewo angaiwale mkuwe umene unamveka kuyambira ku Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay. Goloboyi amene anamwa chigolicho anali Yassine Bounou, ndipo amene anatimaliza ndi mpira wa firikiki anali Achraf Hakimi. Kumapeto kwa chaka chomwecho awiriwa anafikitsa Morocco m'ndime ya matimu anayi omaliza pa Chikho cha Dziko Lonse ku Qatar, chinthu chimene timu ya mu Africa inali isanachitepo. Choncho zinthu zoyamba zimene ndinafunafuna zinali masitika a Panini a ku Qatar a anthu awiriwa, osati chifukwa ndi odula, koma chifukwa kuti mwana akadzafunsa za goloboyi ameneyu, nkhani ya Mhango idzatuluka yokha.

Ulusi wina ndi wa kwathu. Makampani aakuluwa amatsata maligi a ku Ulaya ndi ku America, kotero osewera a m'ligi yathu simudzawapeza m'mapaketi awo, koma ana athu amene akusewera kunja alimo. Temwa Chawinga wa ku Rumphi anapita ku timu ya Kansas City Current ya ku America mu 2024, ndipo m'chaka chake choyamba anagoletsa zigoli 20 m'ligi ya amayi ya NWSL, zimene palibe anali atazifikapo, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Makhadi a ligi imeneyo a chaka chimenecho anapangidwa ndi kampani ya Parkside. Mkulu wake, Tabitha, anatsogolapo pa zigoli m'ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, nachitanso chimodzimodzi ku France ali ku Paris Saint-Germain, asanapite ku Lyon. Ngati mwana wanu ndi wamkazi, sindikuona khadi lina loposa la atsikana awiriwa, ndipo ngakhale kwa mnyamata ndi bwino adzadziwe kuti dzina la dziko lino linamveka kunja chifukwa cha miyendo ya amayi. Pa osewera a kuno, dzipangireni nokha chosunga: tikiti ya masewera a MAFCO pa bwalo la Chitowe ku Dwangwa, kapena tsamba la nyuzipepala lokhala ndi chithunzi, zimakhala bwino pambali pa makhadi, bola zikhale m'kathumba kakekake chifukwa pepala la nyuzipepala limasanduka lachikasu ndi kudetsa zoyandikana nalo.

Mukatero mungawonjezere akatswiri amene mbiri yawo inakhazikika kale, monga Lionel Messi, Cristiano Ronaldo, Mohamed Salah kapena Sadio Mané, chifukwa amenewa mwana adzawamva ndithu ngakhale patapita zaka 20. Pa achinyamata amene angotchuka kumene khalani odekha. Osunga makhadi amakonda kwambiri khadi loyamba la wosewera, limene amalitcha rookie card ndipo nthawi zambiri limakhala ndi zilembo RC pakona. La Messi lodziwika kwambiri ndi la Panini Megacracks la mu 2004, ali mnyamata ku Barcelona, ndipo amene analisunga bwino anaphula. Koma chaka chomwecho cha 2004 anthu ankalimbirana makhadi a Freddy Adu, mnyamata wobadwira ku Ghana amene anayamba kusewera m'timu ya D.C. United ali ndi zaka 14, ndipo ngakhale anasewera mpira wolipidwa kwa zaka zambiri, sanafike pamene anthu ankamuyembekezera. Pa makhadi 5 a pa chaka, la wachinyamata likhale limodzi basi.

Tsopano phunzirani kuwerenga khadi lenilenilo. Kumbuyo kwake kumakhala dzina la kampani, chaka, dzina la mndandanda umene khadilo likuchokera ndi nambala yake m'mndandandawo. Wosewera mmodzi amatha kukhala ndi khadi lomwelo m'mitundu ingapo, lina lasiliva, lina lofiira, lina lagolide, ndipo ena mwa amenewa amadindidwa manambala monga 23/99, kutanthauza kuti ili ndi la nambala 23 mwa makhadi 99 okha amene anapangidwa. Nambala yakumanjayo ikachepa, mtengo umakwera. Alipo ena okhala ndi siginecha ya wosewera, ndipo ena amakhala ndi kachidutswa ka nsalu ya jezi. Pa omalizawa werengani timalemba takumbuyo modekha, chifukwa ena amanena poyera kuti nsaluyo siinavalidwe pa masewera ena alionse. Kwa munthu wa ndalama zoyeza, khadi limodzi lodindidwa manambala la wosewera amene nkhani yake mukuidziwa ndi loposa makhadi wamba 50.

Pogula, gulani khadi limene mukulifuna palokha, osati mapaketi otseka. Paketi ndi juga yovala bwino: mumalipira musanaone, ndipo zimene mupeze nthawi zambiri ndi zobwereza. Buku la Panini la mpikisano wa ku Russia mu 2018 linali ndi malo a masitika 682, ndipo wofuna kulidzaza ndi mapaketi okha, popanda anzake osinthana nawo, amagula masitika ochuluka kangapo kuposa nambala imeneyo. Kuno kunyanja anthu osinthana nawo ndi ochepa. Njira imene yandithandiza ndi kudzera mwa m'bale amene ali kunja. Achimwene anga ali ku Johannesburg ndimawatumizira chithunzi cha khadi, chaka ndi nambala yake, iwo n'kugula kumeneko ndi kubwera nalo pa Khirisimasi. Ulendo woyamba anandifunsa pa foni kuti, "Kodi iwe, ndalama zonsezi ukuthera kapepala?" Ndinawayankha kuti, "Achimwene, inu mungogula lomwe ndakutumiziranilo, ndipo musaliike m'thumba la thalauza." Anabwera nalo lili pakati pa makatoni awiri odula bwino, ndipo kuyambira pamenepo ndiwo amandikumbutsa chaka chikamatha. Musanavomere mtengo, onani pa eBay, msika wa pa intaneti, mitengo imene khadi lomwelo linagulidwa kale, osati imene ogulitsa akupempha, pakuti kupempha aliyense amapempha. Kumbukiraninso kuti malondawa ndi a madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, khadi lomwelo linayamba kufuna makwacha ambiri usiku umodzi wokha, ndipo katundu wobwera pa positi angathe kulipitsidwa msonkho polowa m'dziko.

Makhadi achinyengo alipo ambiri, ndipo ine ndinagwa nawo kamodzi. Munthu wina amene ndinamupeza pa intaneti ananditumizira chithunzi chokongola cha khadi la Messi, ine n'kutumiza ndalama pa foni, ndipo chimene chinafika pa minibasi chinali chithunzi chosindikizidwa pa pepala lolimba. Ndikanadziwa kale kayesedwe kake sindikanataya ndalamayo. Jambulani malemba akuda a kumbuyo kwa khadi ndi kamera ya foni, kenaka kulitsani chithunzicho. Pa khadi lenileni zilembo zimaoneka zakuda bii ndi zam'mbali zosalala, pamene pa lokopera zimaoneka zopangidwa ndi timadontho tamitundumitundu. Liyerekezeninso ndi khadi lina la mndandanda womwewo pa kukhuthala ndi kunyezimira. Musatumize ndalama kwa munthu amene akukana kukuonetsani kumbuyo kwa khadi, ndipo siginecha imene kampani yopanga khadi siinaitsimikize muitenge ngati inki wamba.

Likakhala lenileni, yang'anani zinthu zinayi zimene odziwa amayang'ana: makona akhale osongoka osapindika, m'mphepete musakhale moyera chifukwa chonyotsoka, pamwamba pasakhale zokalika, ndipo chithunzi chikhale pakati penipeni, malire a kumanzere ofanana ndi a kumanja. Kuli makampani amene ntchito yawo ndi kuyesa makhadi, ndipo yodziwika kwambiri ndi PSA ya ku California, imene inayamba mu 1991. Amapatsa khadi malikisi kuyambira 1 mpaka 10, n'kulitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kolimba kokhala ndi nambala imene mungathe kuitsimikiza pa tsamba lawo la pa intaneti. Kutumiza khadi kuchokera ku Salima kuti akaliyese kumeneko ndi kudzivutitsa, chifukwa malipiro ndi mtengo wa ulendo wopita ndi wobwera zimaposa mtengo wa makhadi ambiri. Ngati mukufuna limodzi lapamwamba loti likhale mutu wa mphatso, gulani loyesedwa kale.

Zonsezi zingapite pachabe ngati kasungidwe kalakwika, ndipo pano ndi pamene ife a m'mphepete mwa nyanja tili ndi vuto loposa anzathu a ku Dedza. Khadi ndi pepala, ndipo adani a pepala onse tili nawo: chinyezi cha dzinja, kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, chiswe, mphemvu ndi njenjete. Chaka choyamba ndinaika makhadi anga mu envulopu, n'kuwalowetsa pansi pa zovala m'sutikesi yokhala kunsi kwa bedi. Nditatsegula mu Malichi ndinapeza awiri atamatirirana, lachitatu lili ndi timadontho totuwa ta nkhungu pankhope, ndipo lonyezimira lija litapindika ngati tsamba louma la chimanga. Makhadi onyezimira ndiwo amapindika msanga, chifukwa pepala la kumbuyo limamwa chinyezi n'kufufuma pamene pamwamba pake sipasintha.

Kasungidwe koyenera kali motere. Khadi lililonse lilowe m'kathumba kake kofewa ka pulasitiki, kamene ogulitsa amakatcha penny sleeve, kenaka lilowe m'chikwama cholimba chotchedwa toploader. Pemphani m'bale amene akukugulirani makhadi kuti agule zimenezi nthawi yomweyo, ndipo zikhale zolembedwa kuti zilibe PVC, chifukwa pulasitiki wa mtundu umenewo amatulutsa mafuta amene amamatira pa khadi pakapita zaka. Zikatero, ziimikeni m'kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro cha labala chotseka mpweya, ngati zija zosungira chakudya. M'katimo ponyanimo timapaketi ta timibulu toyamwa chinyezi, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano ndi m'mabotolo ena a mankhwala. Timibuluti timakhuta, kotero tisintheni kapena tiyanikeni pa dzuwa lamphamvu kuti tiyambenso kugwira ntchito, ndipo tikhale kutali ndi ana chifukwa si todya. Kontenayo isakhale pansi kapena yotsamira khoma, kumene chiswe chimadzera, komanso isakhale pamwamba pafupi ndi malata, kumene kumatentha ngati mu uvuni. Shelefu yapakati m'kabati ndiyo malo ake. Amene anaona madzi osefukira ku Dwangwa mu 2024 akudziwa kuti chinthu chosungidwa kunsi kwa bedi ndicho chimayamba kunyowa.

Pali cholakwa chimodzi chimene Amalawi timachita ndi mtima wabwino, ndicho kulamineta. Tinazolowera kuti satifiketi kapena chiphaso chikafuna kutetezedwa timapita nacho kukachiphimba ndi pulasitiki wotentha, koma khadi lolaminetedwa latha ntchito, chifukwa pulasitikiyo sachokanso ndipo palibe wosunga makhadi amene angalilandire. Chimodzimodzi musamange makhadi ndi labala, musawamate selotepi, musalembepo dzina, ndipo musawapachike pakhoma, pakuti dzuwa limafwifwitsa mitundu ndi kufufuta siginecha. Masitika amene mukusungira mphatso musawamate m'buku. Asiyeni ndi pepala lawo lakumbuyo. Tsegulani kontena kawiri pa chaka, mvula itatha mu Meyi pamene mwera wayamba kuuma mpweya, ndi mu Okutobala mvula isanagwe, ndipo muchite zimenezi masana a tsiku louma, m'manja mutasamba ndi kupukuta bwino, osati mutangomaliza kudya nsima ya usipa wokazinga.

Gulani kope laling'ono ndipo khadi lililonse likalowa lembani tsiku, mtengo, kumene lachokera, ndi mizere iwiri kapena itatu yofotokoza chifukwa chimene mwalisankhira. Pa tsamba la Bounou ine ndinalemba kumene ndinaonerera masewera aja, amene ndinali nawo, ndi kuti mwanayo anali ndi masiku angati. Kope limeneli lili ndi ntchito inanso. Zaka 15 ndi zambiri, ndipo munthu sadziwa za mawa. Mayi ake a mwana, kapena munthu wina wamkulu wodalirika m'banja, adziwe kumene kuli kontena ndi mwini wake, ndipo dzina la mwanayo lilembedwe pa chivindikiro ndi pa tsamba loyamba la kope. Popanda kutero, tsiku logawa katundu anthu adzaona timapepala ta zithunzi n'kupatsa ana a pamudzi kuti azikaseweretsa pa mchenga.

Mwana akafika zaka 6 kapena 7 adzayamba kutchula mayina a osewera, ndipo pamenepo mugulireni makhadi otchipa a Match Attax kuti aziseweretsa, kusinthana ndi anzake ndi kuwang'amba mmene angafunire. Kumeneko ndi kumene mudzaone ngati mpira uli mumtima mwake ndi timu imene akutsata, yomwe ingadzakhale yosiyana ndi yanu, monga zimachitikira m'nyumba zambiri mmene bambo ndi wa Bullets koma mwana ndi wa Wanderers. Zikatero, makhadi a zaka zotsalazo atsate mtima wa mwana, osati wanu. Tsiku lopereka likadzafika, yambani mwamupatsa kope kuti awerenge, kenaka tsegulani kontena muli naye limodzi, ndipo musanamupatse khadi loyamba muonetseni kagwiridwe kake, kuti zala zimakhala m'mbali mokha ndipo chala chachikulu sichikhudza pankhope.